Tsamba Limene Linkanenabe Kuti Ndimasoka

Dzina loti Tiyese anamupatsa ndi mng'ono wake, ndipo linamukakamira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Aliyense amene anakhalapo naye ngakhale theka la tsiku ankadziwa chifukwa chake. Mayi ameneyu sankavomera chinthu asanachiyese. Mukamuuza kuti babu lapsa, ankati, "Tiyese kaye soketi ina." Mukamuuza kuti mwamuna uyu ndi wabwino, mulole, ankati, "Tiyese kaye, timuone akakwiya." Amuna awiri anayesedwa chomwecho mpaka anatopa n'kukakwatira kwina. Iye sanadandaule kwenikweni, ankangoti zotsatira zaoneka.

Ntchito yake inali yopanga mawebusaiti, koma osati a makampani akuluakulu ayi. Ankapangira anthu a ntchito zamanja: ojambula zithunzi, akalipentala, oluka tsitsi, ophika makeke, aliyense amene ali ndi luso koma alibe poonetsera. Munthu ankabwera ndi zithunzi za ntchito zake zili mbwee m'foni, zina zamdima, zina chala chitatchinga pakona. Tiyese ankazisanja pa tsamba la pa intaneti kuti wofuna kalipentala akasaka amupeze, ndipo akamupeza aimbe foni. Ankanena yekha kuti ntchito yonseyi ili pawiri basi: kuti upezeke, ndi kuti wokupezayo asathawe.

Sanapite kusukulu ya zimenezi. Atamaliza sekondale analembedwa ntchito yotaipira anthu makalata m'kashopu ka makompyuta, ndipo makasitomala akasowa ankasuzumira kuseri kwa masamba a eni ake kuti aone mmene anawamangira. Anaphunzira chomwecho, kuwononga n'kukonza, kuwononganso n'kukonzanso. Atayamba payekha, anadziwika msanga kuti sanyengerera. Kalipentala wina anafuna kuti pa tsamba lake pakhale mipando yonse imene anakhoma chibadwire, zilembo zothwanima, ndiponso nyimbo yoyamba yokha munthu akangotsegula. Tiyese anamuuza kuti, "Bambo, mukufuna kugulitsa mipando kapena kutsegula bala?" Anasankha zithunzi zochepa zokha, zina zonse n'kuzibweza. Kalipentalayo anatuluka atakwiya, koma mwezi wotsatira anabweretsa mlamu wake wowotcherera zitsulo.

Kaofesi kake kanali pamwamba pa shopu ya fotokope, kumapeto kwa masitepe amdima onunkha inki ndi fumbi. Munali tebulo limodzi, laputopu yofufutika zilembo, fani yolira ngati ikudandaula, ndi kabati imene ankasungamo mafoni akale osweka magalasi. Mafoni amenewo ndiwo anali zida zake zenizeni. Tsamba likaoneka bwino pa laputopu, iye sankasangalala msanga. Ankalitsegula pa foni yosweka kwambiri, n'kupita nayo kukhonde la kuchimbudzi kumene netiweki inkachita kufika chokwawa, n'kuima pamenepo kudikira. Likachedwa kutseguka, ankabwerera kukachepetsa kulemera kwa zithunzi. "Munthu wa bandulo yochepa sadikira," ankatero. "Chithunzi chikazengereza, iye wapita kale kwa mnzako."

Ndiye panali kayesedwe kake kena kamene kankaseketsa anthu. Tsamba lililonse ankalisanja mitundu iwiri, n'kutsika nayo kwa anthu oima pamzere wa fotokope. "Pepani bambo, tandigwirirani foniyi pang'ono." Munthu akangoyang'ana, iye n'kutseka sikirini ndi chikhatho. "Mwaona chiyani?" Wina ankati waona mpando. Wina ankati waona zofiirafiira basi. Wina, mwamanyazi, ankati sanaone kanthu. Tiyese sankamvera kwambiri pakamwa pa munthu, chifukwa pakamwa pamachita ulemu. Ankayang'ana chala chachikulu. Chikaima pachithunzi, ndiye kuti pamenepo pali moyo. Chikangotsetsereka osaima, ndiye kuti ntchito ya mlungu wonse yalowa m'madzi. Mwini fotokope ankadandaula kuti akumusokonezera makasitomala, koma naye ankasuzumira.

Mng'ono wake uja anali telala wa madiresi aukwati. Anthu ankamutchula Kasingano, chifukwa anali wowonda komanso pakamwa pake pankabaya. Ankasokera m'chipinda chakumaso cha nyumba imene ankakhalamo atatu: iye, Tiyese ndi mayi awo. Bambo awo anamwalira onse awiri adakali pasukulu, ndipo chimene chinawalera ndi makina osokera a mayiwo, akale aja opalasa ndi phazi. Kasingano anayamba kupalasa makinawo miyendo isanatalike n'komwe. Tiyese naye anayesa, koma ankangothyola masingano mpaka mayi awo anamuletsa kuyandikira. Chimene ankatha iye n'kusanja. Ali kamtsikana ankatenga zovala zosokedwa kale n'kuzipachika pawindo, ichi patsogolo, icho kumbuyo, kenako n'kuwoloka msewu kukaona ngati zikuoneka bwino kwa munthu wodutsa. Mayi awo ankati mwana uyu ndi waulesi wochenjera.

Maso a mayiwo atayamba kuchita ng'ala, Kasingano anatenga makina, ndipo luso lake linaposa lawo, eni akewo ankavomereza. Koma luso lokha silinkabweretsa anthu pakhomo. M'tauni munadzaza mashopu obwereketsa madiresi ochokera kunja, ndipo akwati ambiri ankathamangira komweko. Miyezi ina Kasingano ankangokhalira kusintha mazipi a mathalauza ndi kupinda masiketi a ana asukulu, munthu woti amatha kusokerera mikanda pa diresi mpaka kuoneka ngati yamera yokha. Zimenezi zinkamupweteka Tiyese. Ankakweza anthu achilendo, pamene m'nyumba mwawo momwe luso linkangochita dzimbiri.

"Ndikupangire tsamba, iwe," anatero tsiku lina.

"Achemwali, ine anthu amandidziwa."

"Amakudziwa ndani? Amazipi?"

"Amazipi nawo ndi anthu. Inu munasokapo chiyani chibadwire, kupatula pakamwa pa amuna okufunsirani?"

Anakangana choncho mpaka Kasingano anagonja, kapena tingoti anatopa. Tiyese anasanja mitundu iwiri monga mwa chizolowezi chake. Pa tsamba loyamba, pamwamba penipeni, panali diresi loyera litavekedwa chidole chopanda mutu chimene chinkaima pakona ya chipinda chosokera. Pa lachiwiri panali Kasingano mwini wake, atawerama pa makina, tepi ili m'khosi, mapini atawabaya pamkono wa bulauzi, akuseka kukamwa konse chifukwa mkulu wake anamujambula mosamuchenjeza.

Kasingano ataona chithunzicho anakuwa. "Mayo ine, mphuno imeneyi dziko lonse liione? Chotsani! Anthu akufuna diresi, sakufuna mano anga."

"Tiyese kaye."

"Ndinadziwa ine!"

Pamzere wa fotokope zala zinayankha. Pa chidole zinkangodutsa, pa nkhope ya Kasingano zinkaima, ndipo ena ankamwetulira okha osadziwa. Mtsikana wina anafunsa kuti mayi amenewa amapezeka kuti. Tiyese anabwerera kunyumba atatukumula chifuwa. Koma pa mawu oika pansi pa chithunzicho panabukanso mkangano. Iye anali atalemba chiganizo chachitali, chodzaza ndi ukatswiri, maloto ndi tsiku losaiwalika. Kasingano anawerenga n'kumubwezera foni.

"Ameneyu ndani? Ine sindilankhula choncho. Lembani kuti: Ndimasoka madiresi aukwati. Basi."

Anatsika nazonso kumzere, ndipo mawu aafupiwo ndi amene anthu ankawakumbukira sikirini ikatsekedwa. Ndiye inathera wani-wani: chithunzi cha Tiyese, mawu a Kasingano.

Kupezeka kunali ntchito ina payokha. Poyamba tsambalo linali kutali, kumapeto kwa zotsatira kumene safikako munthu. Makina osakira pa intaneti alibe maso, saona chithunzi, amangowerenga mawu, choncho chithunzi chilichonse chinafunika kuchifotokoza. Masana a Lamlungu ankakhala awiri pa sofa yobooka, Tiyese laputopu ili pamiyendo, Kasingano akutchula: ili ndi la manja aatali, la leyisi pachifuwa; ili ndi la mchira wokwekwereza pansi; ili ndinasokera mkwati woyembekezera, koma zimenezo musalembe. Mayi awo ankamvetsera ali pampando wawo pafupi ndi khomo, n'kumawadzudzula akalakwitsa dzina la nsalu. Tsamba lonse analilemba ngati wolankhulayo ndi Kasingano mwini wake. Ndimayeza kawiri, poyamba ndi pomaliza. Ndimakonzanso diresi la mayi anu kuti likukwaneni. Pansi pake panali mapu osonyeza nyumba, ndi batani lobiriwira lolembedwa kuti Ndiimbireni.

Pang'onopang'ono tsambalo linayamba kukwera. Tiyese sankakhulupirira foni yake, ankati foni ya mwini imanyengerera, imakuonetsa zimene umakonda. Ankabwereka ya mwini fotokope, ya mlonda wa pageti, ya aliyense. Tsiku limene analipeza pamwamba penipeni pa foni ya munthu wosamudziwa, anatseka kaofesi dzuwa lidakali pamutu n'kuthamangira kunyumba.

"Uli pamwamba, iwe! Woyamba!"

Kasingano anachotsa mapini pakamwa. "Ine? Kusukulu ndinkakhala wachitatu kuchokera kumunsi, lero ndaposa tauni yonse?" Anagwira chidole chopanda mutu chija m'chiuno n'kuvina nacho, mayi awo akuseka mpaka kutsokomola.

Foni inayamba kulira. Akwati ankabwera ndi amayi awo, ndi azakhali awo, chipinda chakumaso n'kudzaza nsalu zoyera ndi mikangano ya kutalika kwa manja. Mazipi anawasiya. Kwa nthawi yoyamba Kasingano anayamba kubweza anthu chifukwa chochulukidwa ntchito. Inali nyengo yabwino, abale, ndipo sinakhalitse.

Anayamba kudandaula mutu. Ankati n'chifukwa chowerama pa mikanda, n'kumwa mapilitsi, n'kupitiriza. Tsiku lina m'mawa anati maso akuona ziwiriziwiri. Anapita kuchipatala ndi miyendo yake, akuseka kuti madiresi achuluka kawiri, ndipo anauza mayi ake kuti asakhudze diresi limene linali pa makina, abwera adzamalize mpendero. Sanabwere. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu unaphulika, ndipo panalibe chimene munthu akanachita. Mlungu usanathe anali ataikidwa m'manda.

Za maliro sitinenapo zambiri, aliyense amawadziwa maliro. Chimene chimavuta ndi nyumba imene imatsala achibale akabalalika. Makina anawafunditsa nsalu. Madiresi osamaliza eni ake anadzatenga, ena akulira, ena akufunsa mwaulemu ngati pali telala wina amene angawalozere. Chidole chinatsala chili mbulanda pakona, mpaka mayi awo anachiveka juzi chifukwa sankatha kuchiyang'ana. Foni ya Kasingano inakhala pa tebulo la makina, ndipo mayiwo ankaitchaja tsiku ndi tsiku poganizira achibale akutali amene anali asanamve.

Koma oimba sanali achibale. Anali akwati.

Intaneti inali isanamve za maliro. Tsamba lija linali pamwamba pomwe paja, Kasingano akuseka, tepi m'khosi, akuuza aliyense kuti ndimasoka, ndiimbireni. Ndiye anthu ankaimba, wolakwa ndani? Ankamveka mawu a mtsikana, osangalala, othamanga: "Halo, ndi kwa atelala? Ukwati wanga uliko posachedwapa..." Tiyese ankakhala ali kuntchito, choncho woyankha anali mayi awo. Ndipo nthawi iliyonse mayi wokalambayo ankayenera kutsegula pakamwa n'kunena kuti, "Pepani, mwananga, telala uja anatisiya." Kunena kamodzi n'kowawa kale. Iwo ankanena m'mawa, ankanena masana, kenako n'kutonthozanso woimbayo amene wadzidzimuka.

Tiyese ankadziwa. Tisamuikire kumbuyo kuti sankadziwa. Ankabwera kuchokera kuntchito n'kuwapeza maso atatupa, n'kufunsa kuti, "Aimbanso?" Iwo n'kungogwedeza mutu. Kuzimitsa foni mayiwo ankakana, ankati kuli ngati kumutsekera mwana panja. Kuchotsa tsamba inali ntchito ya kanthawi kochepa, ndipo wodziwa kuchita zimenezo m'nyumbamo anali mmodzi yekha. Koma iye anali ndi chake chimene sankauza munthu. M'mawa uliwonse akafika mu kaofesi, asanayatse n'komwe fani, ankalemba mawu aja posakira. Mng'ono wake n'kutulukira, woyamba, pamwamba pa onse. Kumanda kunali mulu wa dothi, kunyumba kunali makina ofunditsidwa nsalu. Malo okhawo padziko lonse amene Kasingano ankalankhulabe ndi pakamwa pake, ngati munthu amene ali ndi mawa, anali tsamba limenelo. Ndipo analimanga awiri, ndi mikangano yawo yonse. Tiyese ankaliyang'ana, n'kulira pang'ono, n'kuyamba ntchito za akalipentala.

Loweruka lina masana, Tiyese ali kuseri kwa nyumba akuchapa, kunabwera alendo. Anali mtsikana wovala bwino ndi mayi ake, atanyamula jumbo ya nsalu yoyera. Anali atatsatira mapu a pa tsamba paja. Amene anatsegula chitseko anali mayi a Tiyese.

"Tikufuna atelala," anatero mtsikanayo, n'kutembenuza foni yake kuti aone. "Awa, akusekawa. Ine ndangowaona nkhope, ndati diresi langa asoke amenewa basi."

Mayiwo anayandikizitsa foniyo kumaso chifukwa cha ng'ala ija. Chithunzicho anali asanachionenso chichitikire maliro. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawerenga mawu apansi pake pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Tiyese anafika manja ali thovu lokhalokha. Anafotokoza ndi iye. Mtsikana uja anagwira pakamwa, mayi ake anapepesa kambirimbiri, ndipo anabwerera ndi jumbo yawo akuyenda monyang'ama ngati aswa chinthu cha eni.

Mayi a Tiyese anakakhala pampando wawo. Sanalire. Bola akanalira.

"Tabwera kuno, iwe."

Tiyese anapukuta manja n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Chinthu chako chija chikunama."

"Amayi..."

"Chikuti ndimasoka. Akusoka kuti? Tandiuza, ndipite ndikamuone. Ine ndinamuika m'manda kamodzi, koma iwe ukundiikitsa tsiku lililonse. Foni ikalira, ndimamuika. Lero wandibweretsera mpaka pakhomo."

"Mwina tiyese kaye kungochotsa nambala, tione ngati..."

"Palibe choyesa pano!" Mawu awo anasweka. "Zoyesa zakozo ukayesere akalipentala. Uyu ndi mwana wanga. Musiye agone."

Chibadwire Tiyese anali asanakalipiridwepo choncho. Anapita kukamaliza kuchapa, misozi ikugwera m'beseni.

Lolemba analowa mu kaofesi n'kutseka chitseko. Anatsegula kuseri kwa tsamba lija, kumene mawu amasinthidwira. Kulifufuta lonse sakanatha, dzanja linakana. Anaganiza zongolichititsa kuti lizinena zoona. Pa mawu oyamba aja anafufuta "ma" n'kulemba "nka". Ndinkasoka madiresi aukwati. Anawerenga n'kuona kuti sizikutheka. Amene amati ndinkasoka ndi munthu woti wasiya ntchito, wakhala pakhonde, mukhoza kumufunsa chifukwa chake n'kukuyankhani. Wakufa sanena kuti "ndi". Anafufutanso "ndi" uja n'kuika "a". Ankasoka madiresi aukwati.

Koma abale, tizilembo tochepa chonchi! Pamaliro Tiyese analimba mtima, anayendetsa zonse, anthu mpaka kumuyamikira. Koma apa, atachotsa mawu m'kamwa mwa mng'ono wake n'kuyamba kumunena ngati munthu amene watuluka m'chipinda, analira mokweza mpaka mwini fotokope anakwera masitepe kudzagogoda. Anamuuza kuti palibe vuto, abwerere.

Ndipo sanali malo amodzi okha. Tsamba lonse linali lodzaza ndi Kasingano akulankhula. Ndimayeza kawiri anasanduka ankayeza kawiri. Ndimakonzanso anasanduka ankakonzanso. Pansi pa chithunzi chilichonse panali mawu aja a masana a Lamlungu, ndipo Tiyese ankawamva m'makutu mmene anatchulidwira, ndi kuseka kwake komwe. Anayenda nawo onse, liwu limodzilimodzi. Atafika pa batani lobiriwira anaima. Ndiimbireni alibe kale lake, sungamuuze munthu kuti aimbe dzulo. Batanilo analichotsa, pamodzi ndi nambala ndi mapu omwe.

Foni sinasiye kulira nthawi yomweyo. Makina osakira amasunga zakale, ndipo kwa masiku angapo ankaonetsabe mawu akale ndi nambala yomwe. Ndiye Tiyese anachita chomaliza, chimene pa ntchito yake yonse anali asanachitirepo kasitomala aliyense. Anaika pa tsambalo kachizindikiro kobisika kouza makina osakira kuti pano pitirirani, musaonetse munthu. Tsamba limakhalapo ndithu, koma wolipeza ndi yekhayo amene akudziwa adiresi yake pamtima. Zinamuwawa kuposa zonse, chifukwa dzanja limene linakweza mng'ono wake kuti aoneke ndi lomwelo limene linkamubisa tsopano.

Ndipo poti Tiyese ndi Tiyese, anayesa. Patapita milungu ingapo anatsika kumzere wa fotokope. "Pepani mayi, tandisakirani pa foni yanu telala wa madiresi aukwati." Pamwamba panatulukira shopu ina, tsamba lake lonyansa, zilembo zachikasu pa malo oyera, zithunzi zopindika zotenga chaka kuti zitseguke. Likanakhala tsiku lina akanatukwana. Anapempha mayiyo kuti atsike m'munsi, atsikebe, apite tsamba lachiwiri, lachitatu. Anabwereka foni ya mlonda. Anabwereka ya mwini fotokope. Kasingano kunalibe.

"Zatheka?" anafunsa mwini fotokope, amene tsopano ankadziwa nkhani yonse.

"Zatheka," anatero Tiyese. "Sindinalakwitse paliponse." Anakwera masitepe kubwerera mu kaofesi.

Kunyumba kunakhala bata. Foni inalira kamodzi mlungu wina, kenako inasiyiratu. Tiyese ankayembekezera kuti mayi ake ayamba kupeza bwino, ndipo poyamba zinaoneka choncho. Anayamba kudya, anayamba kucheza ndi aneba pampanda. Koma kenako anaona kuti mpando wawo wasuntha. Sunalinso pafupi ndi khomo, unali pafupi ndi tebulo la makina. Akabwera kuchokera kuntchito ankawapeza pamenepo, foni ili pamiyendo, chingwe cha tchaja chili kukhoma ngakhale batire linali lodzaza.

Tsiku lina anaweruka msanga, dzuwa lisanalowe. Anawapeza akupukuta galasi la foniyo ndi nsonga ya malaya awo.

"Iwe, foni iyi sinafe?"

"Ili bwino, amayi. Onani, ikuyaka."

"Nanga bwanji sikulira?" Anaitembenuza uku ndi uku. "Kale anthu ankamufunsa. Ndinkamva akuti, atelala alipo? Zinkandiwawa, inde, koma ankamufunsa. Masiku ano palibe ngakhale mmodzi wotchula za iye. Amuiwala onse, eti?"

Tiyese anafuna kunena kuti munandiuza ndinu, koma anameza. Anafuna kunena kuti akhoza kuchotsa kachizindikiro kaja, koma ankadziwa kuti sizingathandize. Tsamba loti ankasoka, lopanda nambala, palibe mkwati amene angaliimbire, ndipo kubwezeretsa ndimasoka ndiye bodza lomwe lija. Ulendo uno analibe mitundu iwiri yoti asankhepo. Anangokhala pansi n'kutsamira mwendo wa makina.

"Sanamuiwale, amayi. Kungoti sakumupeza."

"N'chimodzimodzi," anatero mayiwo. Kenako anati, "Taimba, ndione ngati imalirabe."

Tiyese anatulutsa foni yake n'kudina nambala ya mng'ono wake. Pamiyendo pa mayi ake foni ija inawala n'kuyamba kanyimbo kamene Kasingano anasankha yekha, kaphokoso, kovinitsa, kosayenera n'komwe m'nyumba ya anamfedwa. Pagalasi panalembedwa kuti Achemwali. Mayiwo sanaiyankhe. Anaifungatira ndi manja awiri, maso ali kuwindo, mpaka inasiya yokha.

M'chipindamo munabwerera bata lija.

"Imbanso, mwananga," anatero.